Mame Amene Anakana Kukamuka

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu timaunena pofuna kufewetsa mtima wa mwini nyumba amene wayamba kuwerenga mitanda ya nsima: pirira, yala mphasa, gawa ndiwo, pakuti dzuwa likangokwera munthuyu anyamula kathumba kake n'kutsazika. Koma tikausenda bwino tipeza kuti mkati mwake muli pangano la mbali ziwiri. Mwini khomo amapha nkhuku mosaumira chifukwa akudziwa kuti mawa khola likhala lake ndithu, ndipo mlendo amadya momasuka chifukwa akudziwa kuti palibe amene adzamuloze khasu. Ulemu wonsewo watsamira pa kukamukako. Tsono zimatha bwanji mame akakana kukamuka, akamera mizu, akatambasula nthambi mpaka ana a pakhomo n'kusowa poothera dzuwa? Yankho lake likuoneka m'nkhalango za ku Britain, za ku Switzerland ndi za kumadzulo kwa North America, kumene kwakhazikika chitsamba china chosayoyoka masamba chimene Angerezi amachitcha cherry laurel, ndipo akatswiri a zomera amachidziwa ndi dzina limene Carl Linnaeus anachipatsa mu 1753, Prunus laurocerasus. Ine ndikuona kuti makhalidwe amene anthu anachikondera pochiitana ndi omwewo amene akuchidandaulira lero, kotero mlandu wake uyenera kuyambira kwa woitana.

Dzina lake lenilenilo limasocheretsa. Laurel weniweni ndi mtengo wa m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, Laurus nobilis, umene masamba ake amaponyedwa mu mphika kuti ndiwo zinunkhire, ndipo ndi wachibale wa mapeyala. Chitsamba chathuchi chinangobwereka dzinalo chifukwa cha kufanana kwa masamba, koma ubale wake uli kwa mapichesi, ndipo patali pang'ono kwa maapozi ndi maluwa a rozi. Chikasiyidwa osaduliridwa chimakula mamita 5 mpaka 15, kutambalala ngati mtengo wa mango umene unakana kukhala ndi thunthu limodzi. Masamba ake ndi aatali masentimita 10 mpaka 25, okhuthala ngati chikopa chofufuta, obiriwira kwambiri, onyezimira pamwamba ngati apakidwa mafuta, okhala ndi timano ting'onoting'ono m'mphepete. Mu Epulo chimatulutsa ngala zoimirira za maluwa oyera, ngala iliyonse maluwa pafupifupi 30 kapena 40, fungo lake lolemera ndi lotsekemera. Zipatso zake n'zazing'ono, sentimita imodzi kapena ziwiri, zimayamba zobiriwira, n'kufiira psuu, n'kudzada bii zikapsa, ndipo mkati muli nthangala imodzi yolimba. Wotembenuza tsamba n'kuyang'ana kunsi kwake, pafupi ndi pamene lagwirira nthambi, amaona timadontho tingapo m'mbali mwa msempha wapakati. Timeneti timatulutsa timadzi totsekemera ngakhale maluwa kulibe, ndipo nyerere, mavu ndi njuchi zimadzanyambita pamenepo.

Kwawo kwa chitsambachi ndi maiko ozungulira nyanja ya Black Sea: kumpoto kwa Turkey, ku Georgia ndi mapiri a Caucasus, mbali zina za Bulgaria ndi maiko oyandikana nalo, mpaka kumpoto kwa Iran. Kumeneko mvula ndi yochuluka. Mzinda wa Rize, kugombe la Turkey, umalandira mamilimita oposa 2000 pachaka. M'nkhalango zonyowa za kumeneko, zimene zinapulumuka pamene madzi oundana anakuta mbali yaikulu ya Ulaya kalekale, chitsambachi chimakhala pansi pa mitengo italiitali ya beech limodzi ndi zinzake zosayoyoka masamba, ndipo chinaphunzira kukhala ndi moyo pa kuwala kochepa kotsalira kwa akuluakulu. Anthu a kumeneko sachiona ngati chokongoletsa chabe. Amachitcha karayemiş kapena taflan, anasankha mitundu ya zipatso zikuluzikulu, amazidya zikapsa, kuziumitsa, kuziviika m'madzi amchere, ngakhale kuziphika kukhala jamu. Kwawo ndi mwana wa m'mudzi wodziwika mayendedwe ake onse.

Ulendo wake wa kumadzulo unayamba mwaulemu wonse umene mlendo angaufune. Mu 1576 katswiri wa zomera Carolus Clusius, ali ku Vienna, analandira mbande yake kuchokera kwa David Ungnad, kazembe wa mfumu yaikulu ya kumeneko ku Constantinople. Anaisamala, naigawira anzake m'maiko ena. Pofika mu 1629 chitsambachi chinali chitafika ku England, ndipo John Parkinson, wolemba za zomera, anasimba za wamalonda wina wa ku London, James Cole, amene anali nacho pakhomo pake ku Highgate, n'kumachifunditsa bulangeti chaka ndi chaka kuti chisafe ndi chisanu. Chithunzi chimenechi n'choyenera kuchisunga m'mutu. Munthu akutuluka madzulo ozizira ndi chofunda m'manja kukafunditsa mlendo amene akumuyesa wofooka, wosatha kupirira nyengo ya kwa eni. Sanali wopusa, ndipo chikondi chake chinali chenicheni. Iye ankaona mame, chinthu chosachedwa kutha ukachitayirira, ndipo panalibe chomuuza kuti zidzukulu za mbande imeneyo zidzafuna macheka ndi nkhwangwa.

Zimene anachikondera n'zosavuta kuzimvetsa kwa amene akudziwa nyengo ya kumeneko. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mitengo yambiri ya ku Britain imakhala mbulanda, nthambi zokhazokha, monga amachitira miombo yathu m'chilimwe, koma kwa miyezi yamdima ndi yonyowa. Mitengo yachibadwidwe yosunga masamba ndi yowerengeka, monga holly ndi yew, ndipo imakula mwaulesi. Tsono kubwere chitsamba chobiriwira chaka chonse, chokula msanga, chosasankha dothi kwenikweni, chopirira mthunzi ndi utsi wa m'mizinda, chimene ukachidulira chimaphukira mowirikiza, chimene nyama sizichikonda. Kwa wofuna mpanda wobisa nyumba yake kwa odutsa m'njira, imeneyo ndi mphatso. Eni minda ikuluikulu a m'zaka za m'ma 1800 anapitirira apo: anachibzala dala m'nkhalango zawo kuti chikhale mobisala mbalame za pheasant, zonga nkhwali zazikulu, zimene ankaweta kuti azidzaziwombera pa masewera a ulenje. Apa mfundo ndi yofunika. Chitsambachi m'malo ambiri sichinalowe m'nkhalango mozemba. Chinanyamulidwa pa ngolo, chinakumbiridwa maenje, chinathiriridwa.

Patapita zaka zoposa 250 chifikireni m'minda ya ku England, mu 1886, chinalembedwa koyamba kuti chapezeka chitamera chokha kuthengo. Njira zake zofalikira ndi zitatu ndipo zonse zili poyera. Mbalame zodya zipatso, makamaka blackbird, zimameza chipatso chathunthu, n'kukataya nthangala patali ili yosasweka, itakutidwa ndi manyowa ake. Nthambi zake zam'munsi zikalemera zimagona pansi, ndipo pamene zakhudza dothi zimamera mizu, kotero tsinde limodzi limayenda chokwawa mpaka kusanduka ziyangoyango zotenga dera lalikulu. Ndipo chikadulidwa, chitsa chake chimatulutsa mphukira zambirimbiri, zamphamvu kuposa poyamba. Onjezerani anthu amene akadulira mpanda amakataya zinyalalazo m'mphepete mwa nkhalango. Tikayang'anitsitsa, palibe khalidwe latsopano limene chitsambachi chinatola paulendo. Kuphukira chikadulidwa ndi kumene wosadza mpanda amakuyamikira. Kupirira mthunzi ndi kumene mlenje anakufuna. Chinangopitiriza kuchita kuseri kwa mpanda zimene ankachiombera m'manja mkati mwa mpanda.

Kuipa kwake kwenikweni ndi mthunzi, ndipo kuti timvetse tiyenera kudziwa kalendala ya nkhalango ya kumeneko. M'nkhalango ya oak kapena ash, pakati pa Malichi ndi Meyi pamakhala mpata wa milungu yochepa pamene nthaka yayamba kufunda koma mitengo ikuluikulu isanavale masamba. Dzuwa limafika pansi. Pa mpata umenewo timaluwa ta pansi, bluebell, primrose, wood anemone ndi tinzake, timaphuka mothamanga, kuchita maluwa, kusunga chakudya m'mizu, n'kugonanso denga lisanatsekeke. Tizilombo timene timadalira timaluwati timadzuka nthawi yomweyo, ndipo mbalame zimaswa pamene mbozi zachuluka. Moyo wonse wa pansi pa nkhalangoyo ndi pangano la kusinthana: akuluakulu amavula kuti ana aothere. Ndiye muikemo chitsamba chimene sichivula. Mwezi uliwonse wa chaka pansi pake ndi mdima, masamba ake akagwa amaola mochedwa chifukwa cha kukhuthala, ndipo dothi limakhala lambee, lopanda kaudzu. Mbewu ya oak ikagwera pamenepo ingamere, koma siikula. Nkhalangoyo kunja imaoneka yathanzi, yobiriwira kuposa zinzake, pamene mkati mulibe wolowa m'malo mwa mitengo yokalamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma pano ngakhale nyererezo zachepa.

Anthu ambiri akamva za chitsambachi amathamangira ku poizoni, ndipo mbiri yake ndi yoopsa ndithu. M'masamba mwake muli mankhwala otchedwa prunasin, osungidwa padera ndi chinthu china chimene chimawaphwanya. Tsamba likakhala lathunthu palibe chochitika. Likatafunidwa kapena kufikisidwa, ziwirizo zimakumana n'kutulutsa fungo la amondi pamodzi ndi sayanaidi, chiphe chimene chimalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito mpweya umene lapuma. Osonkhanitsa agulugufe ankaika masamba onyenyanyenya m'botolo kuti aphe tizilombo popanda kuthyola mapiko. Madzi otcheza kuchokera ku masambawa ankathiridwa m'zakudya ndi m'zakumwa chifukwa cha fungo lake, mpaka amayi awiri anamwalira nawo ku Dublin mu 1728. Mu 1780 mnyamata wolemera wa ku Warwickshire, Sir Theodosius Boughton, anafa atamwa mankhwala, ndipo mlamu wake John Donellan anapezeka wolakwa pa mlandu womuthirira madzi amenewa, nanyongedwa mu 1781. Mbuzi ndi nkhosa zadwalapo ndi kufa zitadya nthambi zotayidwa. Zonsezi n'zoona, komabe ndikukana kuti mlandu waukulu ukhale umenewu. Chiphe chamtundu womwewu chili mu chinangwa chowawa, ndipo amayi a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amachigonjetsa ndi madzi ndi kuleza mtima, kuviika masiku angapo, kuvuula, kuyanika, kusinja, mpaka kondoole n'kukhala pa mbale. Anthu a ku Trabzon, ku Turkey, nawo amadziwa kudya mnofu wa chipatso chakupsa n'kulavula nthangala. Poizoni amagonja kwa munthu wodziwa. Mthunzi ndiye ulibe mouviika.

Wina anganene kuti nkhani yonseyi ndi tsankho lovala malaya a sayansi, kudana ndi chomera chifukwa chabe chakuti chinabadwira kwina. Kudandaula kumeneku sindikukupeputsa, chifukwa mawu amene anthu amanenera zomera zachilendo nthawi zina amafanana moopsa ndi amene amanenera anthu obwera, ndipo aliyense amene m'bale wake anathamangitsidwapo m'dziko la eni amadziwa kuwawa kwa chilankhulo chotere. Komanso ife eni ake mbale yathu ndi ya alendo okhaokha: chimanga chinachokera ku Mexico, chinangwa, mtedza ndi mbatata ku America komweko, mango ku Asia. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo malumo amenewa ndi amene akutimeta mpaka lero. Koma taonani kusiyana kwake. Chimanga sichingadzibzale. Chitsononkho chikagwa pansi mbewu zake zimamera mothinana n'kupanikizana zokha, ndipo munda ukasiyidwa zaka ziwiri chimanga chimatheratu. Ndi mlendo wokhala pamene wamuyalira. Namasupuni, amene anachokeranso ku South America ndipo anthu anamufalitsa m'maiko chifukwa cha kukongola kwa duwa lake, ndi wina: watseka madzi mu Shire ndi kusautsa makina amagetsi ku Nkula. Onse awiri ndi obwera, ndipo palibe amene amawasokoneza. Zomera zambiri zotengedwa kunja zimakhala m'minda mwakachetechete, zochepa zimatulukira kuthengo, ndipo zochepa kwambiri mwa izo zimalanda malo. Muyeso wake ndi zochita, ndipo cherry laurel wayesedwa pa zochita.

Winanso anganene kuti chitsambachi chimadyetsa: mbalame zimamanga zisa m'nthambi zake zowirira, zimadya zipatso zake, ndipo njuchi zimapeza timadzi pa maluwa ndi pa masamba. Izi n'zoona, ndipo m'tauni momwe mwadzaza simenti, mpanda wamoyo uliwonse uli ndi phindu lake. Koma kuwerengera koyenera n'kufunsa chimene chikanakhala pamalopo. Mtengo wachibadwidwe ngati hawthorn kapena oak umadyetsa mitundu yochuluka ya mbozi ndi tizilombo timene tinazolowerana nawo kwa zaka zikwizikwi, ndipo mbozizo ndizo chakudya cha anapiye a mbalame. Tsamba lolimba, lachiphe la chitsambachi ndi tizilombo tochepa ta kumeneko timene timalitha. Mbalame ingapeze pogona, koma pokasaka chakudya cha ana ake iyenera kuuluka kwina. Ndipo chipatso chimene yadyacho ndi malipiro a ulendo: yalembedwa ganyu yokabzala mthunzi m'nkhalango ina.

Kutsutsa kolemera kuposa konseku n'kwakuti dziko likufunda, ndipo mwina chitsambachi chikungotsogolera nkhalango ya mawa. Kumwera kwa Switzerland, ku Ticino, akatswiri aona kwa zaka makumi angapo kuti pansi pa nkhalango zoyoyoka masamba pakudzaza zomera zobiriwira chaka chonse zothawa m'minda, kuphatikizapo cherry laurel ndi mtundu wina wa kanjedza wochokera ku China, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kuchepa kwa masiku achisanu choopsa. Wotsutsa anganene kuti, ngati chisanu chimene James Cole ankachiopa chikutha, kulimbana ndi chitsambachi n'kutunga madzi ndi dengu, ndipo kwawo komwe chimapanga ziyangoyango pansi pa mitengo popanda wochiimba mlandu. Mbali ina ndikuvomera. Nkhalango si chithunzi chopachika pakhoma, imasintha, ndipo palibe amene angabwezere Ulaya mmene analili mu 1576. Koma nkhalango ya ku Georgia inakula limodzi ndi mthunzi umenewo kwa nthawi yosawerengeka, ndipo zimene zili mmenemo ndi zimene zinapeza njira yokhalira nawo. Nkhalango ya ku Britain yaulandira m'mibadwo yochepa ya anthu, nthawi imene mtengo umodzi wa oak sunathe n'komwe moyo wake. Komanso kufunda kwa nyengo kumangotsegula chitseko. Amene waimika khamu la alendo pakhomopo ndi mipanda zikwizikwi ya m'mizinda ndi m'midzi, uliwonse ukubala zipatso chaka ndi chaka. Nyengo munthu mmodzi sangaibweze, koma chimene abzale pa mpanda wake ali nacho mphamvu.

N'chifukwa chake ndikuona kuti boma la Switzerland linalasa pamalo oyenera. Kuyambira pa 1 Seputembala 2024 n'koletsedwa m'dzikomo kugulitsa, kupatsana kapena kulowetsa cherry laurel, pamodzi ndi zomera zina zingapo zolanda malo, koma amene ali nacho kale pakhomo sanalamulidwe kuchizula. Lamuloli silinapite kukakalipira chitsamba kunkhalango. Linapita ku nazale ndi kusitolo, kumene kuitana kumachitikira. Ena akuti uku n'kulowerera ufulu wa munthu pa munda wake, ndipo mawuwo akanakhala ndi mphamvu chikhala kuti mbalame zimalemekeza malire a puloti. Koma nthangala yochokera pa mpanda wa munthu mmodzi imakamera m'nkhalango ya anthu onse, ndipo ndalama zokaichotsa zimachokera m'thumba la onse. Walira mvula walira matope, ndipo vuto la chitsambachi n'lakuti wolira mvula ndi wina, woponda matope ndi wina. Ku King County, m'boma la Washington ku America, akuluakulu anangochiika pa mndandanda wa zomera zodetsa nkhawa n'kumalangiza anthu kuti asachibzale, pamene ku Britain chikugulitsidwabe ngati chimodzi mwa zomera zotchuka za mpanda, ngakhale magulu osamalira nkhalango m'dziko lomwelo amathera nyengo yachisanu akuchigwetsa.

Ntchito yochichotsayo ndi imene imaonetsa kukula kwa ngongole. M'mera mpoyamba: kambande ka chaka chimodzi kamazuka ndi dzanja limodzi dothi likanyowa. Chitsamba cha zaka 50 chimafuna gulu la anthu ndi macheka, kudula nthambi zopiringizana imodziimodzi, kuzikoka, kuziunjika, ndipo amene amaziphwanya ndi makina amachenjezedwa kuti asadzitsekere nazo m'galimoto chifukwa cha mpweya wachiphe uja. Chitsa chiyenera kukumbidwa kapena kupakidwa mankhwala chikangodulidwa, apo ayi pofika chaka chamawa chavalanso mphukira zofika m'chiuno. Pamalo polambulidwapo pamakhala dothi lokhalokha, ndipo choyamba kumera nthawi zambiri ndi ana a chitsamba chomwecho, amene mbalame zikupitiriza kubweretsa kuchokera ku mipanda ya m'mudzi wapafupi. Olambulawo amabwerera chaka chachiwiri, chachitatu, chachinayi, atawerama, kuzula timbande tonyezimira, kusiya tina tosanyezimira, kudikira kuti aone ngati pansi pa masamba akalewo patsala mizu ya bluebell imene ikadali ndi moyo.